Kachipangizo ka Manambala Anayi

Panali munthu wina, dalaivala wa basi, yemwe masiku opuma ankakonda kusema zitsulo pa makina ake m'kashedi kuseri kwa nyumba. Luso anali nalo ndithu, koma makani ndiye osanena.

Tsiku lina anakumana ndi wogulitsa zipangizo mumsewu, mkulu wa pakamwa potsekemera.

"Bwana, aka n'koyezera zitsulo kamakono. Tinato timaonetsa manambala awiri pambuyo pa kadontho, koma aka anayi. Ngakhale tsitsi kamayeza!"

Dalaivala anagula pomwepo, osafunsa n'komwe kumene kanachokera.

Mlamu wake, yemwenso ankasema zitsulo, atakaona anati, "Alamu, kuchuluka kwa manambala si kulondola. Yambani mwayeza chitsulo chomwe kukula kwake mukukudziwa kale, tione ngati kakunena zoona."

"Nsanje imeneyo. Inu khalani ndi chakale chanucho."

Amayi ake a dalaivalayu anali okalamba ndipo ankayendera njinga ya olumala. Chimwemwe chawo chinali chimodzi: madzulo wina awakankhe mpaka kumsewu, akaone anthu. Ekiselo ya tayala limodzi, chitsulo chomwe tayalalo limazungulirapo, itatha, mwana wawoyo anakana kukagula ina. Anasema yekha, nayeza, kachipangizo n'kuonetsa nambala yomwe ankafuna mpaka komalizira. Chonsecho kankanama. Chitsulo chinali chitawonda kupyola muyezo.

Mkazi wake atagwira tayala anati, "Bambo, ilitu likuchita gwedegwede."

"Dzanja lako lingapose makina? Taona manambalawa!"

Zopsetsa mtima zedi. Munthu wamkulu kuona ndi maso ake kuti tayala likugwedera, n'kumakhulupirira kagalasi kogula kwa munthu wosamudziwa! Chikhala chidole bwenzi tikuseka, koma pamenepo pankakhala mayi ake omubereka.

Kugwederako kunkadya chitsulo pang'onopang'ono. Madzulo ena, pamtsetse wa pageti, ekiselo inathyoka, tayala n'kuguluka. Amayi anagwera pa simenti, fupa la m'chiuno n'kuthyoka.

Iwo ali kuchipatala, mlamu uja anabweretsa chitsulo chodziwika kukula kwake. Kachipangizo kanaonetsa manambala ake anayi mosadodoma, koma kanaphonya ndi mpata woti chikhadabo n'kulowa. Dalaivala atapita kukafuna wogulitsa uja, mumsewu munalibe.

Amayi atatuluka, dalaivala anagula ekiselo yatsopano kusitolo, namanga bwinobwino, n'kuyimitsa njinga pafupi ndi bedi.

"Amayi, tiyeni ndikukankheni kumsewu. Pano ili bwino, ndayeza."

Iwo anayang'ana njingayo, nagwiritsitsa bulangete.

"Paja tsiku lija unayezanso, mwanangu. Ndisiye, ndizikhala momwe muno."

Mpaka lero sanakwerenso njinga ija.

Phunziro: Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choyezera chikhoza kuonetsa manambala ambiri koma chikunama. Musanachikhulupirire, chiyeseni pa chinthu chomwe muyezo wake mukuudziwa, ndipo wina akati chikugwedera, imani kaye. Tumizirani anzanu onse osema zitsulo, makamaka amakani aja.