Nkhope ya Mkwatibwi wa ku Songea

Mayi Tumpale ankafuna kuti kanema wa ukwati wa mwana wawo wamwamuna achepetsedwe, azitumizika pa foni kwa abale a ku Dar es Salaam. Fundi, wokonza makanema, anawauza kuti n'zotheka, koma kanema ukamupanikiza kwambiri amayamba kutaya nkhope za anthu. Mayiwo anati nkhope amazidziwa kale, chachikulu atumizike. Anasiya fulashi patebulo n'kunena kuti abweranso Lachisanu.

Mumsika wa Mwanjelwa, ku Mbeya, aliyense ankangomutchula kuti Fundi, kutanthauza mmisiri. Kashopu kake kanali kuseri kwa ogulitsa nsapato. Ankadyera momwemo tchipisi cha mazira, yekha, maso ali pa kompyuta. Kwawo palibe ankakudziwa, ndipo anthu anatopa kufunsa.

Ukwatiwo unachitikira ku Songea, kwawo kwa mkwatibwi, muholo yoperewera magetsi. Ntchito yotere Fundi ankaimaliza ola limodzi. Koma atangofika pamene mkwatibwi ankalowa, atagwirana mkono ndi mayi ake, anaimitsa kanemayo.

Anayamba ndi MP4 ya masiku onse, kodeki yake H.264, njira yopanikizira imene foni iliyonse imatsegula. Fayilo inachepadi, koma tsaya la mkwatibwi linasweka kukhala timabokosi, maluwa a pa velo n'kusanduka phala. Anafufuta. Anayesa H.265. Nkhope inabwerera yosalala, ngakhale kampata ka pakati pa mano kankaoneka, koma ankadziwa kuti mafoni akale akana kuitsegula. Anabwerera pa yoyamba ija, n'kumachepetsa kupanikizako pang'onopang'ono, akuyerekeza diso ndi diso, mpaka tiyi wake anazizira.

Tsiku lachitatu, Mwakalinga, telala wa pashopu yoyandikana, anasuzumira pakhomo tepi ili m'khosi.

"Achimwene, masiku atatu muli pa nkhope imodzi? Mwachedwa nayetu ameneyo, eni ake anatenga kale."

Fundi anangoti kuwala kwa muholomo kukumuvuta. Mwakalinga anaseka, nati imvi siziletsa mtima kudumpha, ndipo pofika masana mzere wonse wa nsapato unali utamva kuti Fundi wagwa m'chikondi ndi mkwatibwi wa mu kompyuta. Iye sanatsutse.

Lachisanu Mayi Tumpale analandira mafayilo awiri, yaing'ono ya pa foni ndi ina yaikulu imene sanaitanitse. Fundi anawapempha kuti yaikuluyo isadutse pa foni iliyonse, aipereke pamanja kwa mpongozi wawo.

"Akadzakhala ndi ana, adzamuone mmene analili," anatero.

Mayiwo anamuthokoza, nati mpongozi wawoyo, Devota, ndi mtsikana waulemu, asangalala. Anakulunga fulashi pa nsonga ya chitenje n'kumapita.

Fundi anakankha chitseko, phokoso la msika n'kutsala kunja. Anatsegula fayilo imene anadzisungira, yosapanikiza n'komwe, n'kuipititsa pamene woyendetsa mwambo ankapempha anthu kuti aimirire mwakachetechete pokumbukira bambo a mkwatibwi, malemu Alfonsi Haule.

Anthu a muholo anaimirira. Fundi nayenso anaimirira. Panali patapita zaka makumi awiri ndi ziwiri chichokereni pakhomo pake ku Songea osatsanzika, ndipo m'zaka zonsezo aka kanali koyamba kumva munthu akutchula dzina lake lonse.