Mkono Pawindo

Mmisiri wa timagalimoto tachionetsero anaika kagalimoto kofiira pashelefu. Kankafanana ndendende ndi galimoto ya malemu mkulu wake, mpaka pophwanyika paja kumbuyo. M'kati anakhazikamo kachidole ka dalaivala, kochepa ngati chala.

Mkazi wa malemuyo anawerama n'kuyang'anitsitsa.

"Alamu, awa si iwowo," anatero chapansipansi. "Munawaonapo liti atagwira chiwongolero ndi manja awiri? Mkono wina unkakhala pawindo, kupereka moni kwa aliyense."

Mmisiriyo anatulutsa kachidoleko. Anatenga lumo n'kudula kamkono kamodzi paphewa. Anakamatanso ndi guluu, kachikhatho kali kunja, m'mwamba.

Atadzutsa mutu, anaona mlamu wake atakweza dzanja, akubweza moni.