Manja a Bambo Kuwabara

Wantchito wa pamalo otenthera mitembo anatulutsa thireyi ya mafupa a mayi ake a Fumie n'kuyamba kugawa timitengo titalitali totolera mafupawo. Fumie anayang'ana manja a bambo ake.

Mwambo wake ndi wotere. Anthu awiri amatola fupa limodzi la malemu, aliyense ndi timitengo take, n'kuliika mumtsuko. Woyamba amakhala mwamuna wa malemu. Ndipo fupa la mayi siligwa pansi.

Koma Bambo Kuwabara anali atasiya kalekale kugwira ngakhale timitengo todyera mpunga. Nyamakazi itatupitsa mfundo za zala za akazi awo, a Tokiko, sipanathe mwezi nawonso inawagwira. Ya bambowo, malinga ndi eni ake, inali yapamwamba, yogwira anthu oganiza kwambiri, yosaonekera kunja. Zala za mayi zinkapindika mwakachetechete ngati mizu ya jinja, pamene kubuula kwa bambo kunkamveka mpaka kwa aneba. M'mawa uliwonse ankalamula beseni la madzi ofunda, akazi awo n'kuviikamo nawo manja oumawo, poti madzi sangathere munthu mmodzi. Mpunga onse awiri ankadya ndi sipuni. Tsiku lachipatala bambo ankamanga tayi.

Fumie, mwana wawo yekhayo, zinkamuwawa. Wodwala weniweni ndiye ankakwawa kuperekeza mwamuna kuchipatala, mayiwo n'kuonedwako ndi dokotala mongodutsa.

"Bambo, nditola ndi amalume," ananong'ona Fumie. "Inu mungondigwira paphewa."

"Amalume akowo amagwetsa ngakhale mbatata yowotcha."

"Si nthawi yake ino, bambo. Mukagwetsa, anthu onsewa..."

"Gwira mbali yako, iwe."

Anawerama onse awiri. Timitengo tinapana kafupa ka phazi, kopepuka, kodyeka m'mphepete.  Dzanja la bambo linanyamuka bwinobwino, n'kukatsitsa kafupako mumtsuko osagunda ngakhale m'milomo mwake.

Fumie anawayang'ana kumaso bambo ake.

"Ine sindinadwalepo," anatero bambo aja, maso ali mumtsuko. "Mayi ako sakanapita kwa dokotala chifukwa cha thupi lawo, ankati kumeneko n'kuvutitsa anthu. Koma kuperekeza mwamuna wodandaula, sankajomba. Tola lina, mayi ako akuzizidwa."