Makala a Tsanya

"Tsekani zeneralo, mwana akunjenjemera," anatero apongozi a Iness.

Iness anatseka, n'kusendeza mbaula pafupi ndi mphasa ya mwana wake Sankhani kuti malungo atuluke ndi thukuta. Ming'alu ya chitseko anaitseka ndi nsanza.

Pofika masana kunjenjemera kunatha, koma mwana sankadzuka. Iness anamubereka, nakwera kabaza mpaka kuchipatala ku Thambani.

"Malungowa akanachira ndi mankhwala, mayi," anatero namwino, akufunditsa mwanayo nsalu kumaso. "Chamupha ndi mpweya wa makala m'nyumba yotseka."

Pamaliro, apongozi ankauza aliyense wobwera kudzapepesa: "Achipatala amangoyankhula. Makala aja ndinasankha ndekha, a tsanya, opanda utsi ngakhale pang'ono."