Moto Woyamba pa Chiromo

Esinala anafika pa Chiromo dzuwa lili paliwombo, mbale ya mlamba ili pamutu. Sanabwere kudzaona injini ya sitima ayi. Anabwera kudzaona nkhope ya mkazi amene anamulanda mwamuna.

Injiniyo inali itaima panjanji, yakuda bii, ngati njati imene yamva fungo la munthu. Inachokera kutsidya kwa nyanja ili zidutswazidutswa m'mabokosi, nikwera Zambezi ndi Shire pa zombo. Mwamuna wa Esinala, Fanuel, mwana wa wosula makasu wa kumapiri, anali mmodzi wa oilumikiza. Poti anali wochepa thupi, ndiye ankakwawira m'mimba mwa chilombocho kukagwirira misomali yamoto anzake akukhoma kunja.

M'mawa wa tsikulo injini inali italawa moto wake woyamba, ndipo tsopano inkabuula chamumtima. Anthu anaima patali. Onse ankakumbukira sitima ya pamadzi ija imene mphika wake wa nthunzi unaphulika chaka chatha. Woponya nkhuni wake anakamutola m'mabango, chiwalo apa, chiwalo apo.

Koma Esinala moto unali mumtima mwake. Chitsitsireni mabokosi aja, Fanuel anasintha. Anayala mphasa yakeyake pakhonde, nalola udzudzu wa Shire umudye. Esinala anadzola mafuta a nsatsi, namanga mikanda yatsopano m'chiuno, koma mwamunayo ankangoyang'ana kumbali. Akamukhudza paphewa ankadzidzimuka ngati wapsa.

"Ndakulakwirani chiyani?" anamufunsa tsiku lina.

"Sizokamba ndi akazi," anatero Fanuel, basi.

Kwawo kwa Esinala, kwa asodzi, mwamuna akatero nkhani yake ndi imodzi: bwato lapeza dooko lina. Nanga kunjanji si kunali kodzaza akazi ogulitsa mowa ndi chimanga chootcha?

Dzulo lake masana, Esinala akutunga madzi, Lorenso wopalasa bwato anamuseka. "Duwa lotere lingofota, mwini munda ali moyo?" Esinala anamutsatira m'mabango. Sichinali chikondi, unali mkwiyo chabe. Potuluka Lorenso anamupatsa mlamba wonona. Mlamba umenewu ndi umene anauphika lero, nathiramo mchere ndi dzanja lake lomwe. Fanuel adye, iyenso alawe za mnzake.

Tsopano, ataima pambali pa njanji, Esinala anayendetsa maso pa akazi onse amene anali pamenepo. Kodi ndi wa nsalu yofiira uyo? Kapena wamtali wa mphini uja? Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankayang'ana Fanuel. Onse maso anali pa chitsulo chija, manja ali pakamwa.

Fanuel anamuona, nabwera chothamanga, nkhope ili bii ndi mwaye. Ankamwetulira! Kumwetulira kuja kumene kunamugwetsa Esinala kalelo, kumene anali atakuiwala. Fanuel anakhala pamulu wa nkhuni, nadya mlamba wonse mpaka kunyambita zala.

"Mchere wake wakwana bwino, akazi anga," anatero.

Injini inatsokomola. Nthunzi inatuluka cham'mbali, ana nabalalika akukuwa. Kapitawo anaitana dzina la Fanuel.

"Mzungu akufuna munthu woima pakamwa pa moto, aziponya nkhuni mpaka mphika uonetse mphamvu zake zonse," anatero Fanuel akudzuka. "Anzanga onse akana. Ine ndavomera."

"Inu? Simukuopa?"

"Ndiopenji?" Anasuzumira uku ndi uku, natsitsa mawu. "Lero moto wayaka, ndikhoza kukuuzani. Abambo anga akamamanga ng'anjo yosungunulira chitsulo sankayandikira mphasa ya amayi. Ng'anjo yatsopano imamva. Mwini wake kapena mkazi wake akatentha thupi ndi munthu, imaphulika. Injiniyi nayonso ndi ng'anjo yatsopano. Ine ndadzisunga, inunso mwandipirira. Madzulo ano mphasa ibwerera m'nyumba."

Anamukhudza tsaya ndi chala cha mwaye, nakwera painjini.

Esinala anatsegula pakamwa kuti amuitane, koma chitsulo chija chinali chitayamba kale kulira, ndipo chinameza mawu ake.