Foni ya Lolemba

"Mukapereka izi, mayi, ngongole ya pakhadi yatha," anatero Greenwell, kalaliki wa ngongole pa banki ina ku City Centre, akuwerenga ndalamazo. "Dzina lanu lichoka pa mndandanda wa osabweza. Mukhoza kudzabwereka ngakhale yomangira nyumba."

Tuntufye anangogwedeza mutu. Ndalama za pakhadipo zinathera kwawo ku Karonga: bokosi la amalume, galimoto yonyamula maliro, fizi ya ana a mlongo wake. Masiku amenewo foni yake sinkapuma. Banki itangotseka khadilo, abale onse anangoti zii. Kwa zaka ziwiri, m'kanyumba kake ka kuseri ku Area 10, womuimbira anali Greenwell yekha, Lolemba lililonse: "Mwadzuka bwanji, mayi? Chimfine chija chinatha? Timati tikukumbutseni."

"Ndiye sitidzakuvutitsaninso pa foni," anatero Greenwell akumwetulira. "Mwapuma!"

"Ngakhale Lolemba?"

"Ngakhale Lolemba, mayi."

Tuntufye anatambasula dzanja, nasolola K5,000 pa mulu uja, n'kuipinda bwinobwino.

"Ndinaiwala, achimwene, ndilibe ya minibasi. Yotsalayo mundikumbutse Lolemba."