Kaphokoso Kamene Achikulire Sanamve

Panali munthu wina, bambo wachikulire wopuma pa ntchito, amene nkhani yake anthu awiri amaifotokoza mosiyana mpaka lero. Mwana wawo wamkazi amati bambo ake anaberedwa. Alamu awo, amene ndi makaniko, amati ayi, achikulire anadzibera okha.

Bambowo anali ndi galimoto yakalekale ya mipando iwiri, yamtundu wothamanga uja, imene ankayendera ndi akazi awo Lamlungu lililonse. Mayiwo atamwalira, galimotoyo inakhala m'galaja zaka ziwiri itafunditsidwa nsalu. Mwana wawo ankakhala kutali, ankangoimba foni. M'nyumbamo anatsala awiri, iwo ndi wailesi, imene ankaikweza kwambiri chifukwa makutu awo anali atayamba kufooka. Koma nkhani ya makutuyo inali yosayamba dala. Alamu awo aja, mchimwene wa malemuwo, anaitchulapo kamodzi, ndipo moni unathera pomwepo.

M'mawa wina anavundukula galimotoyo, n'kuika batire yatsopano, n'kupotokola kiyi. Injini sinatembenuke. Anayesa sabata yathunthu, osaphula kanthu. Mwana wawo atamva, anawachonderera kuti aitane amalume ake, poti ndi amene ankaikonza kuyambira kale. Anawakumbutsanso zimene amalumewo ankakonda kunena, zoti vuto la sitata, chipangizo cholizira injini, salipeza munthu mmodzi: wina azipotokola kiyi, wina aime pa injini kumvetsera. Bambowo anayankha kuti sanafike pomabwereka makutu a munthu.

Pa sitolo ya zipangizo za galimoto anakumana ndi munthu wina wovala ovolosi yochapa bwino, amene anawatchula kuti bwana katatu asanafunse n'komwe vuto. Anamutengera kunyumba. Kunena zoona, funso limene munthuyo anafunsa linali loyenera.

"Mukapotokola, kukumveka kaphokoso koti tha, kapena kukungoti zii?"

"Zii," anatero bambowo mosakayika.

Munthuyo anaima pa injini n'kuwauza kuti apotokole. Atapotokola, anawayang'ana kwa kanthawi ndithu, kenako anagwedeza mutu.

"Zoonadi bwana, zii. Sitata yapsa imeneyi."

Anati aichotsa, akaikonzere kwawo, ndipo abwera nayo pakatha masiku atatu. Pamene ankamasula, bambowo anamuphikira tiyi, anatulutsa mpando, n'kuyamba kumufotokozera za akazi awo, momwe ankadandaulira kuti mphepo ikuwasokoneza tsitsi koma osalola kuti denga litsekedwe. Munthuyo ankaseka poyenera kuseka. Panali patapita miyezi munthu asanakhale nawo maola awiri.

Tsiku lachitatu bambowo anakhala pa mpando pafupi ndi geti mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku lachinayi chimodzimodzi. Nambala ya foni imene munthuyo anawasiyira sinkapezeka. Patatha masabata awiri, mwana wawo anawaimbira yekha amalume ake.

Alamuwo anafika, n'kupereka moni wa mawu awiri, n'kulowa pansi pa galimoto. Anatuluka atagwira waya wonenepa wolumikiza injini ku thupi la galimoto. Unali utadyeka, wobiriwira kunsonga, wongotsala timawaya tiwiri. Ali mkati mouyang'ana, mayi woyandikana nawo nyumba anasuzumira pa mpanda n'kunena kuti iye ankaimva galimotoyo m'mawa uliwonse akuyanika zovala, ikuti tha, tha.

Alamuwo anafotokoza kuti kaphokoso kameneko kankatanthauza kuti sitata inali yamoyo, kungoti moto sunkaikwanira chifukwa cha waya uja. Inali ntchito ya mphindi khumi. Koma sitata yamtundu umenewo anasiya kupanga kalekale, ndipo mwina ikhoza kupezeka chaka chamawa, mwinanso osapezeka.

Apa m'pamene awiri aja amasiyanirana. Mwanayo amati wakubayo anamva kaphokosoko ndi makutu ake, anazindikira kuti mkuluyu samva, n'kupezerapo mwayi, ndiye mlandu ndi wake. Sakulakwitsa. Alamuwo amati munthu woona mtima anali pafupi, foni imodzi basi, koma achikulire anasankha mlendo chifukwa mlendo sankadziwa za makutu awo. Nawonso sakulakwitsa. Chimene onse awiri satchula n'chakuti bambowo sananame. Ananena zimene anamvadi, ndipo m'nyumba mwawo munalibe wowatsutsa.

Akupukuta m'manja, alamuwo anati akudziwa munthu amene angagule galimotoyo kuti aphwasule n'kugulitsa zipangizo, kapena angathe kuikokera ku galaja yawo kuti isamawapweteke mtima akaiona. Bambowo anawayang'ana pakamwa.

"Mwati bwanji, alamu?"

Alamuwo anabwereza mokweza. Bambowo anachotsa kiyi wa pageti pa mphete ya makiyi awo n'kuwapatsa. Anati galimoto sichoka pakhomopo, ndipo alamuwo azibwera Loweruka lililonse, kaya sitata yapezeka kaya ayi.

"Mukafika musamagogode," anatero. "Sindimva ine. Muzingolowa."

Phunziro: Chofooka chimene mukubisira achibale anu, wakuba amachiona pa mphindi imodzi. Ndipo ngati muli ndi kholo limene likukhala lokha, musamangoliimbira foni, pitani mukaime pambali pake mumvetsere. Tumizirani ena uthengawu, makamaka amene ali kutali ndi makolo awo.